Khomo Lakale la Mawaya

1. Mpando wozungulira

M'shopu ya achimwene anga muli mipando yambiri, koma umene unabweretsa chidani ndi umodzi. Ndi wakuda, uli ndi timatayala, ndipo ukaukhalira umazungulira wokha ngati mwana wosamva. Ine ndinaukhalirapo kamodzi, n'kupezeka ndayang'ana kukhoma, makasitomala ndawapatsa nkhongo. Ndinabwerera pabenchi panga mwaulemu.

Ntchito yathu ndi yosoka mayunifolomu a ana a sukulu. Atelala amasoka, ine ndimadula timaulusi totsalira ndi kusokerera mabatani. Kumapeto kwa chipinda kuli makina aakulu opeta mabaji. Makinawo ndi okalamba kuposa mawondo anga. Akayamba kugogoda, singano zake zonse zikuvina, munthu sumva ngakhale akukujeda. N'chifukwa chake ine ndimajeda anthu nthawi imeneyo.

Pambali pa makinawo pali tebulo la kompyuta. Baji iliyonse imayamba yajambulidwa pakompyutapo, chithunzicho n'kutumizidwa ku makina, makina n'kupeta. Mpando uja umakhala pamenepo, ndipo oukhalira anali awiri.

Woyamba ndi Mawaya, mwana wa malemu mkulu wanga. Dzinali tinamupatsa chifukwa ukamuchapira buluku umabayidwa ndi tiwaya ta m'matumba. Wachiwiri ndi Kabatani, mwana wamkazi wa mlongo wanga wamng'ono. Ameneyu ali wakhanda anameza batani la malaya a bambo ake, banja lonse n'kumalondera matewera mpaka linatuluka. Onse awiri anaphunzira za makompyuta kukoleji imodzi, koma anayamba ndi Mawaya.

Vuto linali pakamwa pa achimwene. Kasitomala aliyense akalowa, ankamukokera ku makina aja.

“Awa anali atafa,” ankatero. “Amisiri onse anawalephera. Mwana wa mlongo wanga uyu ndi amene anawadzutsa, n'kuwaphunzitsa kumvana ndi kompyuta.”

Akamatero, Kabatani ankakhala ataima kumbuyo kwa mpando, milomo itatalika moti ukanatha kupachikapo malaya.

Tsiku lina achimwene anatiitana tonse.

“Kompyuta ndi imodzi, mpando ndi umodzi,” anatero. “Sindingasunge anthu awiri omasinthana matako pamalo amodzi. Mwezi uno ukatha, mmodzi atsala pamenepa, winayo apita kukasita.”

Tebulo lositira lili kuseri, kumene kulibe windo. Ndinamuyang'ana Kabatani. Iye ankayang'ana nkhongo ya msuweni wake.

2. Funso la kompyuta

Tsono ana inu, ndikufotokozereni momwe Kabatani anandifotokozera ine, mukalakwa mayeso mukamufunse iyeyo. M'kompyuta muli pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zina zonse. Ine ndimaitcha mayi wa mapulogalamu. Amene anaipanga amatumiza zokonza nthawi ndi nthawi, kompyuta n'kumafunsa mafunso.

M'mawa wina inafunsa lotere: njira yakale yotumizira mafayilo ichotsedwe, kapena isiyidwe? Pansi pake analemba kuti eni pulogalamuyo akulangiza kuti ichotsedwe.

Mawaya sanaganizenso. Anadina poti isiyidwe.

“Asuweni, mwadina chiyani pamenepo?” anafunsa Kabatani.

“Chimene ndimadina nthawi zonse.”

“Mwawerenga zimene alembazo?”

“Ndinayamba kuziwerenga iwe ukulephera kupeza pomwe amayatsira.”

Kabatani anatembenukira kwa achimwene, amene ankayeza nsalu patebulo lalikulu.

“Bambo aakulu, ndikuuzeni zimene aphunzitsi athu ankanena. Ankati: ‘Ana inu, njira zakale zotumizira mafayilo zinapangidwa nthawi imene makompyuta anali ochepa, eni ake onse akudziwana. Panalibe woganiza za wakuba. N'chifukwa chake zina sizifunsa pasiwedi n'komwe, ndipo zimene zimafunsa zimainyamula poyera, aliyense wotchera khutu n'kuimva. Lero kompyuta ili m'thumba la mwana aliyense. Mukapeza njira yotere, musaimvere chisoni, ichotseni. Ngati pali chipangizo chakale chimene sichingagwire ntchito popanda iyo, chipatuleni. Chikhale pachokha ndi waya wake, kutali ndi waifai imene anthu onse amalowamo.’”

“Aphunzitsi amenewo anandiphunzitsanso ine,” anayankha Mawaya, akuzungulira pampando pang'onopang'ono. “Koma iwo sadyera makina awa. Makina awa sadziwa njira ina. Alibe ngakhale pobayira fulashi. Ukachotsa lero, mabajiwa uzipeta ndi mano?”

“Ndiye apatuleni.”

“Ndidzawapatula ntchito ikachepa. Komanso ndani angataye nthawi kuba timabaji ta mbalame ta ana a sukulu ya mkaka?”

Ine ndinafunsa kuti ndimve bwino. “Ndiye kuti ndi khomo lakuseri lopanda loko?”

“Eya, azakhali.”

“Khomo lake ndi lakale, mayi aang'ono, palibe amene amalidziwa,” anatero Mawaya.

Kuyambira pamenepo shopu yonse inayamba kuitcha njirayo khomo lakale la Mawaya.

Achimwene anapinda tepi yawo. “Makina akugogoda?”

“Akugogoda, amalume.”

“Ndiye mkangano ndi wa chiyani? Kabatani, uzimvera msuweni wako. Anayamba ndi iyeyu.”

Kabatani anapita kukamwa madzi. Anamwa makapu ambiri, ngati kuti m'mimba muli moto.

3. Mbalame ya miyendo itatu

Kutsidya kwa msewu kuli shopu inanso yosoka mayunifolomu. Eni ake timapatsana moni wa mano okha.

Masana ena ine ndi Kabatani tinatumidwa kukagula ulusi. Pobwera tinadutsa pakhonde la shopu imeneyo. Pawindo anali atapachika kajuzi kofiira ka mwana, pachifuwa pali baji ya mbalame itatera panthambi. Ndinaima, ndinayang'anitsitsa, n'kuyamba kuseka mpaka phukusi la ulusi linagwa.

Mbalameyo inali ndi miyendo itatu.

Ndinkaidziwa bwino. Anaijambula ndi Mawaya, pokonzekera baji ya sukulu ina ya mkaka. Kanthambi kena kanakhala molakwika, n'kumaoneka ngati mwendo wachitatu. Tinaiseka pakompyuta tsiku lonse, ine ndikuti imeneyi ndiye yosagwa pamatope. Achimwene anaikana, Mawaya anajambula ina. Yolumalayo sinapetedwepo pansalu iliyonse. Inangotsala m'kompyuta.

“Taona, mbalame yathu yawoloka msewu,” ndinatero. “Miyendo itatu ija yaithandiza.”

Kabatani sanaseke. Anatulutsa foni yake, n'kuyamba kudinadina. Waifai ya shopu yathu imafika mpaka pakhonde limenelo, ndipo pasiwedi yake achimwene anailemba pakhoma ndi zilembo zikuluzikulu kuti makasitomala asamawavutitse ndi mafunso.

“Azakhali, taonani.”

Pafoni panali mabaji athu onse. Mikango, mabuku, nyenyezi, miuni, zonse zili ndondondo ngati zovala pachingwe.

“Zalowa bwanji m'foni mwako?”

“Kudzera pakhomo lija. Silinandifunse kalikonse. Aliyense amene anaonapo pasiwedi ya pakhoma ija angathe kuima pano n'kutenga chimene akufuna.”

Apa ndiye anamwetulira. Ine mwana ameneyu ndamuona akumwetulira pa zinthu zambiri, koma kumwetulira uku sikunandisangalatse.

“Tiye tikawauze achimwene,” ndinatero.

“Dikirani kaye, azakhali. Ndikufuna nditsimikize.”

“Utsimikize chiyani? Mbalame ili apo ikutiyang'ana.”

“Ndidzanena pamsonkhano wa kutha kwa mwezi, anthu onse alipo.”

Ndinatola ulusi wanga. Tinawoloka msewu kubwerera ku shopu.

4. Kuseri kwa tebulo lositira

Nthawi ya chakudya ndinamukokera kuseri. Ndinamukhazika pa mulu wa nsalu zotsalira, ine n'kuima pakhomo kuti asathawe.

“Mwana wa mlongo wanga, ine za makompyuta sindizidziwa. Kwa ine mbewa ndi ya kudzenje basi, osati ya pakompyuta. Koma nkhope yako ndimaidziwa kuyambira ili ndi mamina. Nkhope wavalayi si ya munthu amene wapeza wakuba ayi. Ndi ya munthu amene watola ndodo, akungodikira kuti mnzake aweramire pansi.

“Tamvera. Muno munali atelala awiri iwe usanabwere, wamtali ndi wamfupi. Wamfupi ankayamikiridwa, wamtali ayi. Tsiku lina wamtali anaona mnzake akudula nsalu ya masiketi mozondoka, mizere ikupita chopingasa. Akanatha kunena pa siketi yoyamba. Anangokhala chete, akuimba kanyimbo, mpaka mpukutu wonse unatha. Kenako anaitana abwana kuti adzaone. Wamfupi anachita manyazi, eya. Koma nsalu inali ya ndani? Inali ya shopu. Mwezi umenewo tonse tinamanga malamba, wamtali yemwe. Ndipo kuchokera pamenepo palibe amene ankafuna kukhala naye pafupi, chifukwa aliyense ankadziwa kuti ukamagwera m'dzenje, ameneyu aimba.

“Iwe unanena zoona za khomo lija. Anakukana, zinakupweteka, ndinaona. Koma zoona zako zikhala zabwino ukazinena lero. Ukazisunga kuti zinenepe, ziwola, ndipo fungo lake lidzakhala pa iwe. Mawaya si mdani wako. Mayi ake ndi amene ankakubereka kumsana mayi ako akudwala. Pita ukanene, mutseke khomolo awirinu. Mpando uli ndi matayala, mwanawe, umapita kulikonse. Msuweni alibe matayala. Akachoka wachoka.”

Kabatani ankasewera ndi kansalu, maso ali pansi.

“Ndamva, azakhali.”

“Wamva ndi khutu liti? Lakumanzere lako lija limadontha.”

Anaseka pang'ono. “Ndipita pompano.”

Anapitadi. Ndinamuona akugogoda pa kaofesi ka achimwene, n'kulowa. Zimene zinachitika m'katimo ndinazimva pambuyo pake.

Anapeza achimwene ali ndi Mawaya, onse nkhope zili ngwee. Sukulu yaikulu ya sekondale inkafuna baji yatsopano. Shopu imene ikanabweretsa baji yokongola ndi imene ikanasoka mayunifolomu a ana onse a pasukulupo.

“Wabwera bwino,” achimwene anamuuza. “Ntchito imeneyi ajambula ndi Mawaya. Iwe uzimuthandiza kusankha ulusi. Umafuna chiyani?”

Kabatani anayang'ana msuweni wake, amene anamutsinzinira diso.

“Ndimafunsa ngati mukufuna tiyi,” anatero.

Atatuluka ndinamufunsa ngati wanena.

“Zili m'manja, azakhali.”

Ine ndinamva ngati wati eya, n'kubwerera ku mabatani anga.

5. Baji yatsopano

Mawaya anaigwira ntchitoyo ndi mtima wonse. Anaiwala kudya, anaiwala kupesa, mutu unakhala ngati burashi yotsukira mapoto. Koma chimene chinatuluka chinali chokongola. Mtengo wa nthambi zotambasuka, mizu yake ikutuluka m'buku lotsegula, kumbuyo dzuwa likutuluka. Ngakhale ine, amene buku ndimalikonda likakhala lotseka, ndinaombera m'manja.

Kabatani anaima kumbuyo kwa mpando, atanyamula bokosi la ulusi. Anamuona msuweni wake akusunga chithunzicho pamalo omwe aja, pamodzi ndi mikango ndi mbalame yolumala. Anatsegula pakamwa.

Nthawi yomweyo achimwene anafika, n'kumusisita Mawaya pamutu.

“Mutu uwu ndi wa kwathu,” anatero. “Atelala, bwerani mudzaone zimene mwana wa mlongo wanga wachita.”

Kabatani anatseka pakamwa paja.

“Wobiriwira uti, asuweni?” anafunsa. “Wowala kapena woderako?”

Makina anagogoda, baji yachitsanzo inatuluka. Koma achimwene ndi munthu wosathamanga. Anati adikire kaye jekete yawo ibwere kochapitsa, chifukwa kwa aphunzitsi aakulu sungapite ngati wogulitsa makala. Masiku anapitapo. Jekete itabwera, anaika bajiyo mu envulopu, n'kunyamuka akuimba likhweru.

Anabwerako opanda likhweru. Analowa, anavula jekete, n'kuiponya patebulo lodulira nsalu.

“Zimitsani makina onse,” anatero.

6. Funso la achimwene

Tinasonkhana pakati pa chipinda. Achimwene anatulutsa bajiyo n'kuiika patebulo.

“Nditafika, aphunzitsi aakulu anatsegula kabati n'kutulutsa baji ina. Mtengo womwewu, buku lomweli, dzuwa lomweli. Anabweretsa ndi a patsidya, ine ndisanafike. Anandifunsa ngati sindikuchita manyazi kukopera ntchito ya anzanga. Ine, ndi imvi zangazi. Ntchito yapita patsidya. Tsopano ndikufuna ndidziwe kuti bajiyi inawoloka bwanji msewu.”

Atelala anayang'anana. Mawaya anagwira m'mphepete mwa tebulo.

Kabatani anatulukira kutsogolo, foni ili m'manja. Anali atakonzeka, mawu ake anali ositasita.

“Bambo aakulu, inawolokera pakhomo lakale la Mawaya. Ndinanena kuti lichotsedwe, munati ndizimvera wamkulu. Taonani.”

Anadinadina, n'kuwapatsa foni. Anaidutsitsa kwa atelala, mmodzimmodzi, aliyense aone mabaji athu ali pambalambanda. Anafotokoza za waifai, za pasiwedi ya pakhoma, za mbalame ya pawindo la patsidya. Akanalekera pomwepo. Koma nsanje ikagwira lilime, imafuna ndiwo zoonjezera.

“Kaya anangoiwala kutseka, kaya analisiya dala, ine sindikudziwa,” anatero. “Mwina pali chimene a patsidya akumupatsa.”

Achimwene anatembenuka pang'onopang'ono, n'kumuyang'ana Mawaya kuyambira kumapazi.

“Ndi zoona zimenezi?”

Mawaya anawayang'ana m'maso.

“Amalume, mukundifunsa ine zimenezo?”

“Ndikufunsa.”

“Khomo ndinalisiya ndine. Ndinkati palibe amene angalipeze. Pamenepo ndinalakwa. Koma kugulitsa ntchito ya manja anga, ayi.”

Achimwene anapukusa mutu, n'kuyang'ananso foni ija. Anakhala akuiyang'ana kwa kanthawi. Kenako anadzutsa maso.

“Kabatani, wati mbalame unaiona pawindo la patsidya.”

“Eya, bambo aakulu.”

“Mbalameyo unaiona baji yatsopanoyi itajambulidwa kale, kapena isanajambulidwe?”

Kabatani anandiyang'ana. Ine ndinali nditatanganidwa kwambiri ndi kaulusi kena kamene kanakana kuduka ndi mano. Akanatha kunama, ndipo ndinaona bodza likukwera pakhosi pake. Analimeza.

“Isanajambulidwe.”

“Tsiku lija unalowa mu ofesi n'kundifunsa za tiyi, unali ukudziwa?”

“Ndinali ndikudziwa.”

“Pamene mnzako ankasunga chithunzichi, iwe utaima kumbuyo kwake?”

Kabatani anangogwedeza mutu. Foni inali itazima yokha patebulo.

Achimwene anakoka benchi n'kukhala. Analankhula motsitsa, ngati munthu wotopa.

“Mwana wanga, ndiyambe ndi ine. Unandichenjeza, sindinamve, chifukwa makina ankagogoda ndipo ine ndimamva za makina kuposa za anthu. Pasiwedi pakhoma ndinalemba ndine. Mawaya analakwa ndi ulesi, pomati adzakonza mawa. Zolakwa zimenezi ndi za anthu amene sanaone. Koma iwe unaona. Unaona wakuba ali pakhomo, n'kunena kuti alowe kaye, atenge chachikulu, kuti mlandu wa msuweni wako ukule.

“Yang'ana anthu ali muno. Telala uyu ali ndi ana kusukulu. Mayi awa akusamala odwala kunyumba. Ntchito ya sekondale ija ikanawadyetsa chaka chonse. Iwe unaigulitsa kuti ugule mpando. Nzeru uli nazo, mwina kuposa tonse muno, koma munthu woyang'anira kompyuta amasunga zinthu za anzake. Ndingamupatse bwanji makiyi munthu amene amaona moto n'kuyamba wawerengera kuti ukapsereza nyumba ya ndani?

“Chimodzi chokha ndakuyamikira. Ndakufunsa, wayankha zoona. Ukananama, bwenzi lero lomwe ukupita kwa bambo ako. Mawa uyambe kusita.”

Anatembenukira kwa Mawaya. “Khomo limenelo lichoke pompano.”

“Makina asiya kulandira zithunzi, amalume.”

“Asiye. Mawa uwapatule, uwapatse waya wawowawo monga ananenera aphunzitsi anu. Mpando ndi wako.”

Mawaya sanaukhalire mpandowo. Anawerama ali chiimire, anadina apa ndi apo. Kompyuta inafunsa ngati akutsimikiza. Anatsimikiza. Telala wina anatenga chinkhupule n'kukafufuta pasiwedi ija pakhoma.

Poweruka, Mawaya anaima pakhomo la kaofesi. Ine ndinali pafupi, ndikusesa malo amene ndinali nditasesa kale.

“Amalume, pamene Kabatani ananena zoti ndikulandira za patsidya, inu munakhulupirira?”

Achimwene anakanda m'mutu.

“Munthu ukapsa mtima umafunsa chilichonse, mphwanga.”

“Chabwino, amalume. Tsalani bwino.”

7. M'mawa mwake

Kabatani anafika woyamba, maso ali otupa. Anapita kuseri osatumidwa, anayatsa simbi, n'kuyamba kusita makolala. Ndinamupititsira madzi owaza.

“Kolala yoyamba ndiye yovuta,” ndinamuuza. “Zinazo umangolira ukusita, misozi n'kumathandiza kuwaza.”

Sanaseke. “Azakhali, ndikufuna ndiwapepese asuweni akafika.”

“Uwapepese pamaso pa anthu. Unawanyoza pamaso pa anthu.”

Atelala anafika, makina osokera anayamba kulira. Koma kumapeto kwa chipinda kunali chete. Majuzi a sukulu ina, amene makolo ankayenera kudzatenga sabata yomweyo, anali mulu pafupi ndi makina opeta, onse zifuwa zili mbee, opanda baji. Dzuwa linakwera. Mawaya sanaoneke. Achimwene anamuimbira foni, inangoitana.

Pomaliza anapita kuseri. “Kabatani, siya simbiyo. Kadzutse makina aja. Si mphoto ayi, ndasowa wina.”

Kabatani anakhala patebulo la kompyuta. Anapeza waya, anaulumikiza ku makina, anadinadina. Kagalasi ka makinawo kanangomuyang'ana. Anayesanso, thukuta likutsika m'khosi.

“Bambo aakulu, njira ndikuidziwa, koma mbali ya makinayi anaitchera ndi asuweni. Muli manambala amene anaika okha, ndipo buku la makinawa linatayika kale. Popanda iwowo zinditengera nthawi yaitali.”

“Makolo aja sadikira nthawi yaitali.”

Ine ndinali pawindo, ndikulowetsa ulusi pasingano, chifukwa maso angawa amafuna kuwala. Nditadzutsa mutu ndinaona munthu ataima kutsidya kwa msewu, chikwama cha zipangizo chili paphewa, tsitsi lili losapesa.

“Kabatani, tabwera kuno.”

Anabwera, achimwene ali pambuyo pake. Mawaya anali pakhonde la shopu ya patsidya. Sanayang'ane kwathu. Anagogoda. Mwini shopuyo anatsegula, anamuyang'ana, kenako anamwetulira ndi mano onse n'kumupatsa njira.

“Azakhali,” Kabatani ananong'ona, atandigwira mkono, “akupita kukawazazira, kapena kukapempha ntchito?”

Mawaya analowa. Chitseko chinatsekeka, ndipo dzanja lina linakoka katani ya pawindo.